Ngalande zafafanizidwa, sitima zachita dzimbiri: mayankho pa Brass ndi 1830

Makalata ambiri a ulendo uno akufunsa za masewera awiri a pabolodi. Oyamba ndi Brass: Birmingham, okhudza mafakitale, ngalande zoyendamo maboti ndi njanji za ku England kuyambira 1770 mpaka 1870. Achiwiri ndi 1830, okhudza makampani a njanji a kum'mawa kwa America. Olembawo sadziwana, koma dandaulo lawo likufanana: anamanga bwino, kenako zomwe anamangazo zinatha ntchito iwo asanakonzeke.

Zikomo akonzi. Tinasewera Brass: Birmingham anthu anayi. Ndinamanga migodi ya malasha, mafakitale a thonje ndi ngalande zambiri. Makhadi atatha, mwini masewerawo anachotsa ngalande zonse ndi matailosi anga pafupifupi onse, koma ake ambiri anatsala. Kodi sanandibere?
Bambo wa ku Zomba

Sanakubereni bambo, lamulo lake ndi lomwelo. Masewerawa ali ndi nyengo ziwiri, ya ngalande ndi ya njanji. Ya ngalande ikatha mumawerenga mapointi, kenako ngalande zonse zimachoka pabolodi pamodzi ndi tailosi iliyonse ya levulo 1, kaya inatembenuzidwa (zomwe zimachitika katundu wake akagulitsidwa kapena akatha) kaya ayi. Matailosi a levulo 2 kupita m'mwamba amatsala, ndipo amadzawerengedwanso kumapeto kwa nyengo ya njanji. Choncho fakitale ya levulo 2 yomwe mwaimanga n'kuitembenuza nthawi ya ngalande imakupatsani mapointi ake kawiri, pomwe ya levulo 1 imakupatsani kamodzi n'kuchoka. Mnzanuyo ankamanga akudziwa zimenezi.

Njira yofikira levulo 2 msanga ndi kutukula. Mumataya khadi limodzi n'kuchotsa tailosi imodzi kapena awiri otsika pa kabolodi kanu, ndipo iliyonse imadya chitsulo chimodzi. Poyamba penipeni chitsulo cha pamsika chimagulidwa £2, ndiye matailosi awiri amachoka ndi £4 yokha. Mukazengereza ena n'kuyamba kugula, mtengo umakwera mpaka £6 msika ukauma. Samalani ndi mafakitale a mbale zadothi omwe ali ndi chizindikiro cha babu: amenewo sachotsedwa potukula, amafuna kumangidwa basi.

Muziwerenganso mipata yanu. Mukakhala anayi, nyengo iliyonse ili ndi maraundi 8, ndipo raundi iliyonse mumachita zinthu ziwiri, kupatula yoyambirira yomwe mumachita chimodzi. Ndiye kuti muli ndi mipata 15 pa ngalande ndi 16 pa njanji, yonse 31. Mpata womwe mwaugwiritsa ntchito kumanga fakitale ya thonje ya levulo 1 ya £12, ndi winanso woigulitsira katundu, ndi iwiri mwa 31 yomwe yabereka kamodzi kokha. Sitikunena kuti levulo 1 ndi yachabe. Kamgodi ka £5 kokhala ndi malasha awiri kamatembenuka msanga n'kukweza ndalama zolowa, ndipo kumayambiriro zimenezo zimathandiza. Koma pofika raundi yachinayi kapena yachisanu, zomwe mukuika pabolodi zikhale zodutsa nazo kutsidya. Pali chifukwa chinanso: njanji zikamayamba, mumayala kuchokera m'matauni momwe mwatsala matailosi anu. Wotsala ndi mafakitale ku Birmingham ndi ku Coalbrookdale amayamba ali ndi pogwira pawiri.

M'mbiri yeniyeni ngalande sizinafe tsiku limodzi chotere. Ya Bridgewater, yomwe inatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha a ku Worsley kupita ku Manchester, inkagwirabe ntchito njanji ya Liverpool ndi Manchester itatsegulidwa mu 1830, ndipo za ku Birmingham zinanyamula malasha zaka zambiri pambuyo pake. Zambiri zinangogwera m'manja mwa makampani a njanji. Martin Wallace, amene anatulutsa Brass yoyamba ya ku Lancashire mu 2007, anafupikitsa kusinthako kuti wosewera akumve kupweteka kwake. Ya Birmingham inabwera mu 2018. Mapu ake sanangopekedwa ayi: mbale za ku Stoke-on-Trent ndi mowa wa ku Burton zinakuladi ndi ngalande ya Trent and Mersey, yomwe Josiah Wedgwood anailimbikira mpaka inatha mu 1777.

Ine ngongole ndimaiopa, ngakhale pamasewera. Koma amene amapambana kwathu kuno amatenga ngongole kawiri katatu. Chinsinsi chake n'chiyani?
Mayi wa ku Manchester

Mayi, ngongole ya mu Brass: Birmingham sibwezedwa. Mumalandira £30, ndipo chilango chake n'choti chizindikiro chanu cha ndalama zolowa chimatsika masitepe atatu. Basi. Mumayamba ndi £17 yokha ndipo ndalama zolowa zili pa 0, ndiye popanda ngongole mudzakhala maraundi angapo mukungomanga tinthu ting'onoting'ono anzanu akulanda malo abwino.

Taonani mzere wa ndalama zolowawo mwachifatse. Kuyambira -10 mpaka 0, sitepe iliyonse ndi kabokosi kamodzi. Kuyambira 1 mpaka 10, sitepe ndi timabokosi tiwiri. Kuyambira 11 mpaka 20, titatu. Kupitirira apo, tinayi. Ngongole imatsitsa masitepe, pomwe tailosi yotembenuzidwa imakweza timabokosi. Wotenga ngongole ali pa 0 amatsika timabokosi titatu tokha, ndipo mgodi umodzi ukatembenuka wabwerera. Wotenga ali pa 15 amatsika timabokosi tochuluka pafupifupi katatu. Ngongole yoyambirira ndiyo yotchipa kuposa zonse, n'chifukwa chake odziwa amaitenga m'maraundi awiri oyamba.

Choopsa chilipo chimodzi. Mukakhala pa -3 mumalipira £3 kumapeto kwa raundi iliyonse, ndipo mukapezeka mulibe, mumachotsa tailosi yanu pabolodi pa theka la mtengo wake. Musawononge £30 yonse mpaka kobiri lomaliza musanatembenuze kanthu. Ndiponso simuloledwa kutenga ngongole yomwe ingakutsitseni kupyola -10.

Kumbukiraninso kuti ndalama zotsala m'manja pamapeto si mapointi. Womaliza ndi £60 wataya njanji zomwe akanayala. Ngongole ili ndi ubwino wina wobisika: raundi yotsatira amayamba ndi amene wawononga zochepa. Ngati muli womaliza raundi ino, tengani ngongole n'kuchita china chotchipa. Mudzayamba raundi yotsatira, ndipo mudzachita zinthu zinayi motsatizana popanda wina kulowererapo.

Timakangana pa malasha, chitsulo ndi mowa. Ndi chiti chimafuna njira yolumikiza?
Wowerenga wa ku Blantyre

Chitsulo sichifuna njira. Mumatenga kwaulere pa fakitale iliyonse ya chitsulo yomwe ili nacho, ya aliyense, ndipo zonse zikauma mumagula pamsika. Malasha amafuna njira: malo omwe mukumangawo alumikizane ndi mgodi, ndipo mumatenga pa mgodi wapafupi kwambiri, ngakhale uli wa mdani wanu. Palibe mgodi wolumikizana, mumagula pamsika pokhapokha malowo akulumikizana ndi tauni ya amalonda ya m'mphepete mwa bolodi: Shrewsbury, Warrington, Nottingham, Oxford kapena Gloucester. Njirayo siyenera kukhala yanu; ngalande ya mnzanu imanyamulanso malasha anu.

Mowa uli ndi malamulo atatu. Wanu mumaugwiritsa ntchito kulikonse komwe uli. Wa mnzanu uyenera kulumikizana ndi malo omwe ukufunikawo. Wa amalonda umamwedwa pokhapokha mukugulitsa katundu kwa amalonda omwewo, ndipo suloledwa poyala njanji ziwiri nthawi imodzi, zomwe zimafuna £15, malasha awiri ndi mbiya imodzi yochokera kofululira.

Musakwiye mnzanu akakudyerani malasha kapena chitsulo. Tailosi imatembenuka ikauma, ndiye akukugwirirani ntchito. Mowa ndiye wosunga mwanzeru: mbiya yomwe mwaisiya kuti mudzagulitsire thonje raundi yamawa, wina akhoza kuimwa lero.

Tikuphunzira 1830. Ndinatsegula kampani pa mtengo wa $67, inagula sitima zitatu za 2, kenako inagula kampani yanga yaing'ono ya Mohawk & Hudson pa $220. Mnzanga atagula sitima ya 4 anati zanga zonse zafa, ndipo m'thumba la kampani munali $90. Ndinalakwitsa pati?
Mnyamata wa ku Lusaka

Tiyeni tiwerenge, achimwene. Kampani imayamba ntchito masheya okwana 60% akagulidwa, ndipo banki imaipatsa mtengo woyambirawo kuchulukitsa ndi 10. Pa $67, inu munalipira $134 ya setifiketi ya pulezidenti ndi $268 ya masheya anayi, ngati munagula nokha, ndipo kampani inalandira $670. Ndalama imeneyo imabwera kamodzi. Chotsani $240 ya sitima zitatu ndi $220 ya Mohawk & Hudson, patsala $210. Ngati munaika siteshoni yachiwiri ya $40 n'kuwoloka mtsinje wa $80, ndiye $90 mukunenayo. Tsopano kampani yomwe ili ndi njira koma ilibe sitima imakakamizidwa kugula, sitima yotchipa ku banki ndi ya 4 ya $300, ndipo $210 yoperewerayo ituluka m'thumba lanu. Zomwe munatenga pa Mohawk & Hudson zabwerera pafupifupi zonse.

Kugulitsa kampani yaing'ono ku kampani yanu yaikulu si kulakwa. Kumaloledwa sitima ya 3 yoyamba ikagulidwa, pa mtengo uliwonse kuyambira theka mpaka kuwirikiza kawiri mtengo wake, ndipo osewera bwino onse amatero. Vuto n'loti munatero musanagule ya 3. Musanatenge $220 ija kampani inali ndi $310: mukanagula ya 3 pa $180, n'kudzilipira $130 yotsalayo.

Loweza mndandanda wa sitima pamtima. Za 2 zilipo 6 pa $80; za 3 zilipo 5 pa $180; za 4 zilipo 4 pa $300; za 5 zilipo 3 pa $450; za 6 zilipo 2 pa $630; kenako dizilo pa $1,100, kapena $800 mukapereka ya 4, ya 5 kapena ya 6. Nambalayo ndi kuchuluka kwa mizinda yomwe sitima ingawerengere pa ulendo wake, ndipo dizilo ilibe malire. Banki imagulitsa motsatana, kupatula dizilo yomwe imatsegulidwa ya 6 yoyamba ikangogulidwa. Ya 4 yoyamba imapha za 2, ya 6 yoyamba imapha za 3, dizilo yoyamba imapha za 4. Ya 5 yoyamba siipha sitima, koma imatseka makampani onse ang'onoang'ono ndi kutsitsa malire kuti kampani isakhale ndi sitima zoposa ziwiri.

Tsopano onani chomwe mndandandawu ukunena. Sitima zosafa ndi za 5, za 6 ndi dizilo. Za 5 ndi za 6 pamodzi ndi zisanu zokha, pomwe makampani akuluakulu alipo 8. Wina ndithu adzalipira mtengo wa dizilo, ndipo theka lachiwiri la masewera ndi kulimbana kuti ameneyo asakhale inu. Pakati pa ya 4 yomaliza ndi dizilo yoyamba pali sitima zinayi zokha, ndipo makampani awiri atsopano okhala ndi ndalama akhoza kuzitsiriza raundi imodzi. Nthawi yanu isanafike, werengani sitima zotsala pamulu ndi ndalama za kampani iliyonse yomwe ikuyenda inu musanayendenso. Gwirizanani musanayambe kuti ndalama zonse zizikhala poyera, makamaka pophunzira.

Ndalama za sitima yosafa zimachokera kuwiri. Koyamba ndi kusunga phindu. Sitima zikabweretsa $200, mukagawa, sheya iliyonse imalandira $20, inu wa 60% mumatenga $120 ndipo mtengo wa sheya umapita patsogolo. Mukasunga, $200 yonse imalowa m'kampani ndipo mtengo umabwerera m'mbuyo. Kusunga kawiri kuti mufike pa ya 5 ya $450 n'kwanzeru; kusunga kasanu kuti mufike pa dizilo ndi chizindikiro choti munachedwa. Njira yachiwiri ndiyo yamphamvu: tsegulani kampani ina pa $100 nthawi ya sitima za 4. Imabadwa ndi $1,000. Makampani amagulitsana sitima pa mtengo uliwonse kuyambira $1, ndiye yatsopanoyo ikhoza kugula ya 3 yakale ya inzake pa $400, ndalamazo n'kusamukira komwe zikufunika, yokha n'kutsalabe ndi zogulira ya 5.

Ndinagula masheya awiri m'kampani ya mnzanga chifukwa inkagawa bwino. Mwadzidzidzi anagulitsa ake, ine n'kukhala pulezidenti wa kampani yopanda sitima ndi yopanda ndalama, ndipo ndinagwa. Kodi zimenezi n'zololedwa? Kwa ine ndi nkhanza.
Bambo wa ku Johannesburg

N'zololedwa bambo, ndipo ndi mtima weniweni wa 1830. Thumba la kampani ndi thumba la wosewera n'zosiyana, ndipo wopambana ndi amene ndalama zake ndi mtengo wa masheya ake zaposa za ena, osati wa kampani yokongola.

Zinayenda motere. Makampani amayenda motsata mtengo wa sheya, wokwera patsogolo. Kampani yomwe ankafuna kukutayiraniyo inayenda koyamba ili ndi sitima yake, ndiye lamulo lokakamiza kugula silinaigwire. Kenako kampani yake yachiwiri inayenda n'kugula sitimayo pa $1. Ndalama anali atazikoka kale. Raundi ya masheya itafika iye anayamba, n'kugulitsa masheya asanu mwa asanu ndi limodzi. Anatsala ndi 10%, inu muli ndi 20%, setifiketi ya pulezidenti inabwera kwa inu. Kampani itayendanso munayenera kuigulira sitima ndi ndalama zanu, zitaperewera munagulitsa masheya, zitapereweranso masewera anathera pomwepo, chifukwa mu 1830 munthu mmodzi akagwa onse amaima n'kuwerenga.

Chitetezo chilipo, ndipo n'cha masamu. Upulezidenti sungapite kwa munthu wa sheya imodzi, chifukwa setifiketiyo ndi ya 20%. Sheya imodzi m'kampani ya wina ilibe ngozi. Yachiwiri ndiyo imatsegula chitseko. Chachiwiri, bokosi la banki momwe mumagwera masheya ogulitsidwa sililandira zoposa 50% za kampani imodzi. Ngati m'bokosimo muli kale sheya imodzi, pulezidenti wa 60% angagulitse zinayi zokha, atsala ndi 20% wofanana nanu, ndipo pofanana upulezidenti susuntha. Chachitatu, yang'anani khadi loyambira, lomwe limapita kwa wokhala kumanzere kwa amene wagula kapena kugulitsa komaliza. Ngati mudzayamba ndinu pulezidentiyo asanayankhule, mukaona kampani yatsala yopanda sitima mumagulitsa sheya imodzi n'kupulumuka. Ngati adzayamba ndi iye, ndipo ali ndi kampani yachiwiri, musagone ndi masheya ake awiri.

Francis Tresham, amene anayambitsa banja la masewerawa ndi 1829 mu 1974, sanapeke khalidweli potulutsa 1830 mu 1986. Mu 1868 Cornelius Vanderbilt wa New York Central ankagula masheya a Erie kuti ailande, ndipo Daniel Drew, Jay Gould ndi Jim Fisk, omwe ankaiyendetsa, ankangosindikiza masheya ena n'kumamugulitsa, mpaka anathawira ku Jersey City ndi ndalamazo. Ku England, George Hudson wa ku York anagwa mu 1849 zitadziwika kuti phindu lomwe ankagawira eni masheya linkachokera ku mpamba wa makampani omwewo. Makampani awiri aku America aja, Erie ndi New York Central, ali pabolodi lanulo.

Komabe tikugwirizana nanu pa mbali imodzi. Kuchitira zimenezi munthu yemwe sanauzidwe kuti n'zotheka si kupambana. Wophunzitsa ayenera kuonetsa msamphawu pabolodi masheya asanayambe kugulidwa.

Abusa athu akufunsa ngati masewerawa si juga. Ndipo ife ongoyamba, tiyambire pati? Timakonda za ngalande.
Mayi wa ku Mzuzu

Si juga mayi. Palibe ndalama yeniyeni yomwe imasintha manja, ndipo mu 1830 mulibe dayisi kapena khadi lobisika. Mwayi umathera posankha mokhalira. Ali ngati bawo: zonse zili pamaso panu, wogonja wagonja powerenga. Brass ili ndi makhadi 8 m'manja, koma nawonso mukhoza kutaya atatu n'kutenga awiri olowa paliponse.

Ngati mumakonda ngalande, yambani ndi Brass: Birmingham. Imalola anthu awiri mpaka anayi, ndipo ongoyamba aziikira maola atatu. M'banja la 1830 ngalande zimaoneka ngati timakampani tating'ono ta poyamba. Delaware & Hudson, ya $70 mu 1830, inabadwa mu 1823 ngati kampani ya ngalande yonyamula malasha a ku Pennsylvania kupita ku mtsinje wa Hudson. Mu 18Chesapeake ya Scott Petersen muli ngalande ya Chesapeake & Ohio, yomwe ntchito yake inayamba pa 4 July 1828, tsiku lomwelo lomwe anaika mwala woyamba wa njanji ya Baltimore & Ohio. Ngalandeyo inafika ku Cumberland mu 1850, njanji itafika kale mu 1842.

18Chesapeake ndi 1889, ya pachilumba cha Shikoku ku Japan, zimatsata malamulo a 1830 pa mapu aang'ono, ndipo n'zabwino kuphunzirira. 1846 ya Tom Lehmann ndi yofatsa pa zotayirana makampani, chifukwa ndalama zimalowa m'kampani pang'onopang'ono sheya iliyonse ikagulidwa. 1830 yeniyeniyo ipatseni tsiku lathunthu ulendo woyamba, ndipo mukhale anayi, aliyense ayambe ndi $600. Mabokosiwa ndi odula kuitanitsa, koma ambiri mwa masewera a banjali amaseweredwa kwaulere pa 18xx.games, pomwe kompyuta imakukanizani kuphwanya lamulo.

Patebulo, chomwe chimadya nthawi ndi ndalama zamapepala. Banki ya 1830 ndi $12,000, ndipo kusintha ndi kubweza chenji kumachitika kambirimbiri. Pezani tizitsulo ta mabotolo kapena mabatani a mitundu yosiyana oimira 1, 5, 20, 100 ndi 500, ndipo ndalama za kampani zizikhala pa khadi la kampaniyo, kutali ndi za mwini wake. Munthu mmodzi azilemba papepala zomwe kampani iliyonse inapeza ulendo wapita, kuti musamawerenge njira yonse kuyambira pachiyambi. Mungowonjezera zomwe zasintha. Pa masewera oyamba gwirizanani kuti ya 4 yoyamba ikagulidwa muime, aliyense aone chomwe chachitikira kampani yake, kenako muyambirenso mukudziwa chomwe chikubwera.